Tifunseni: Kodi mtengo si mtengo basi?

Funso: Akulu, ine ndili mu komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwathu kuno ku Likhubula. Mwezi watha kunabwera anyamata a zankhalango atanyamula matepi ndi timakina ta GPS tosonyeza malo, akuti akugawa phiri la Mulanje m'magulu malinga ndi zomera zake, kenako anatiletsa kudzala bulugama m'mbali mwa mtsinje. Kodi mtengo si mtengo basi?
Bambo wodandaula, Mulanje

Yankho: Ayi bambo, anyamatawo sanalakwe. Phiri lanulo likuoneka limodzi koma zomera zake ndi zamagulu angapo ndipo gulu lililonse limafuna kasamalidwe kakekake.

Mukayamba kukwera kuchokera kwanuko mumadutsa kaye m'miombo, muja muli mitengo ya mombo ndi masuku, imene imayoyola masamba m'chilimwe ndipo ngakhale muidule chitsa chimaphukanso. Malo otere nthawi zambiri safuna mbande ayi, amangofuna muletse makala ndi moto wa mu Okutobala. M'zigwa zonyowa ngati ku Ruo muli nkhalango yobiriwira chaka chonse, iyi moto ukangolowa ndiye kubwerera kwake ndi kwa zaka zambirimbiri. Pamwamba ku Chambe ndi Lichenya kuli madambo a udzu, ndipo m'makwawa mwake ndi momwe mumamera mkungudza, mtengo wa dziko lathu uja, womwe mwachilengedwe sumera kwina kulikonse koma pa Mulanje. Mukamayandikira Sapitwa, nsonga ya phirili yotalika mamita 3,002, ndi miyala ndi timaluwa basi.

Pa udzupo ndi pamene anthu timalakwitsa, timangoti apa ndi pambalambanda tidzalepo kanthu. Atsamunda anadzala paini ku Chambe, mbewu zake n'kumauluka ndi mphepo mpaka paini uja anayamba kulanda malo a udzu ndi a mkungudza, moti a bungwe losamalira phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust anatha zaka akumugwetsa. Ntchito yowawa, ndalama zambiri, chifukwa cha mtengo wabwinobwino wodzalidwa malo olakwika.

Bulugama wanuyo amamwa madzi ngati chidakwa, mudzaleni kutali ndi mtsinje kuti muzipeza milimo ndi nkhuni. M'mbali mwa madzi ikanimo mbawa, katope, mkuyu kapena nsungwi, zogwira dothi, inunso munaona mmene mitsinje inagumulira magombe nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Anyamatawo akabweranso musangowanyamulira matepi, apempheni akusiyireni kope la mapu awo a komiti, ndipo muwauze mayina a mitengo m'Chichewa ndi m'Chilomwe kuti alembemo.