Makola a ndege opanda denga

Achemwali ena anandilembera imelo sabata yatha. Mwana wawo anaona chithunzi cha zipupa zimene ankasungamo ndege zankhondo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndiye akufuna kudziwa kuti chipupa chopanda denga chingatchinge bwanji bomba lochokera kumwamba. Kumapeto anawonjezera kuti, "Koma inu mumalimbana bwanji ndi nkhondo za azungu?" Achemwali, mawu omalizawa andilasa mtima, ndiye ndiyambira pomwepo.

Nditangofika kuno ku England ndinkagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Croydon. Ndikaweruka m'mawa tulo sitinkabwera, choncho ndinkapita kukayenda ku Kenley, bwalo lakale la ndege za RAF (gulu lankhondo la m'mlengalenga la Britain) kummwera kwa London. Tsiku lina kukuzizira ndinakhala pachiunda chomera udzu ndikudya buledi, osadziwa kuti ndakhalira chiyani. Nditatsika ndinaona njerwa, pansi pa konkire wong'aluka, ndi kakhomo kolowera m'kachipinda kamdima: linali khola la ndege, zipupa zomwe zija. Nditagwira njerwazo ndinakumbuka agogo anga aamuna, amene anapita ku Burma ndi KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali a ku Africa omenyera Britain). Za kuwombera mfuti sankakamba. Ankakamba za kukumba: fosholo, matope ofika m'mawondo, matuza ophulika m'manja. Ankatitambasulira zikhatho zawo ife tili pamphasa. Ndinalira pamalopo ndekha.

Ndiye musandiuze kuti inali nkhondo ya azungu okha. Anyamata a ku Nyasaland anakafika ku Abyssinia (Ethiopia), ku Madagascar mpaka ku Burma. Ndipo chimene chimandipweteka n'choti aliyense amatchula ndege za Spitfire ndi Hurricane ndi oziyendetsa, koma wosenza dothi palibe amene amamukumbuka. Ine ndimati dothilo linapulumutsa ndege zambiri.

Taonani za ku Malta, chilumba cha m'nyanja ya Mediterranean chimene chinali m'manja mwa Britain. Pa 20 April 1942 ndege za Spitfire zopitirira 40 zinatera pachilumbacho kuchokera pasitima ya ku America ya USS Wasp, ndipo m'masiku ochepa zambiri zinali zitaphwanyidwa, zina zili chiimire pansi. Asilikali anapitiriza kumanga makola usana ndi usiku, ndi miyala komanso zigubu za petulo zodzaza dothi. Zina zitafika pa 9 May, iliyonse inali ndi khola lake ndi anthu oidikirira, kuithira mafuta n'kuibwezera m'mwamba adani asanafike. Ku Pearl Harbor, doko la ku Hawaii limene Japan anaphulitsa pa 7 December 1941, asilikali a ku America anachita zosiyana: anaika ndege pamodzi, phiko kukhudza phiko, poopa anthu ozembera usiku kudzaziwononga. Zinapsera pamodzi ngati nkhokwe zoyandikana.

Yankho la mwana wanu

Mumuuze kuti bomba likagwera m'khola mwenimwenimo, ndegeyo yapita basi. Koma mabomba ambiri ankagwera pambali, ndipo chowononga chinali mphepo ya kuphulika ndi tizitsulo touluka cham'mbali. Chiunda cha dothi chinkameza zimenezo, chinkatchinganso zipolopolo za ndege zouluka motsika, ndipo moto wa ndege imodzi sunkalumphira inzake. Denga likanadya simenti yambiri ndi nthawi imene analibe.

Ku Kenley anamanga makola 12 omwazikana m'mphepete mwa bwalo. Lililonse, ukaliona uli kumwamba, linali ngati chilembo cha E: ndege ziwiri, chipupa pakati, ndipo kumbuyo kachipinda kaja kothawiramo amakaniko. Pa 18 August 1940 ndege 9 za ku Germany zamtundu wa Dornier zinabwera motsika kwambiri n'kuphwanya mashedi atatu akuluakulu osungiramo ndege, anthu anafa, koma posakhalitsa bwalolo linayambanso kugwira ntchito.

Lero pamaulukira ndege zopanda injini, ndipo m'khola limodzi anaikamo mwala wachikumbutso. Ndimapitabe, kawirikawiri Lamlungu ndikachoka kutchalitchi, ndipo ndimakakhala pachiunda chomwe chija.