Tifunseni: Ulemu wa kwanu ukafika kwa eni

Akonzi, sabata yatha ndinakalipira mnzanga wa kuntchito pamaso pa anthu chifukwa cha fayilo imene ndinkati wataya, chikhalirecho inali m'dirowa yanga. Madzulo ake ndinamulembera pafoni kuti, "Pepani ngati ndakukhumudwitsani." Mpaka lero moni wake ndi wapakamwa chabe. Kodi si iyeyo amene akusunga mangawa? (Bambo wa zaka 38)

Bambo, chimene chinaononga kupepesa kwanu ndi kamawu kakuti "ngati". Inu mukudziwa kuti munamukhumudwitsa, iyenso akudziwa, ndiye kamawuko kakumveka ngati mukuti vuto ndi mtima wake wapachala. Komanso munamuyalutsa pagulu koma mwapepesa mobisa. Amene anamva kuti ndi wotaya mafayilo akuganizabe choncho.

Mupempheni mphindi zisanu muli awiri, maso ndi maso. Cholakwacho muchitchule osachikulunga: "Ndinakunamizirani kuti mwataya fayilo, ndipo ndinakukalipirani anthu akuona. Ndinalakwa." Mulekere pomwepo. Mukangowonjezera kuti "koma tsiku lija ndinali wotopa", mwayamba kudziteteza ndipo zonse zija zapita pachabe. Musiyeni alankhule ngakhale mawu ake awawe. Kenako, anthu omwe aja akakhalanso pamodzi, nenani mwachidule kuti fayilo ija inapezeka kwa inu. Apa ndi pomwe ambiri amazemba, chonsecho ndi pomwe mbiri ya munthuyo imabwerera. Zoti akukhululukireni liti, musiyireni mwini wake.

Akonzi, mwezi wamawa ndikwera ndege koyamba kupita kunja kukachita maphunziro. Anthu amati ndine waulemu, koma ndamva kuti zimene ife timati ulemu kwina amaziona mwina. Ndiyambire pati kuti ndisakachite manyazi? (Mtsikana wa zaka 24)

Achemwali, simunatiuze dziko lake, choncho tikupatsani zitsanzo za m'maiko angapo. Koma tiyambire musananyamuke, chifukwa pamenepa mtima wabwino ndi umene umagwetsa anthu m'dzenje. Akamva kuti mukuyenda, adzabwera wina ndi kaphukusi komata bwinobwino kuti mukapatsire m'bale wake. Musanyamule chinthu chimene simunachione ndi maso anu. Pamaso pa lamulo, chopezeka m'chikwama chanu ndi chanu, ndipo mawu akuti "anangondipatsira" sapulumutsa munthu. Ku Singapore, mlandu wolowetsa chamba choposa magalamu 500 kapena mankhwala ozunguza bongo a heroin oposa magalamu 15 chilango chake chimafika pa kunyongedwa. Kukana kwaulemu kulipo: "Ndinyamula, koma titsegule limodzi ndione zimene zilimo." Woona mtima sadandaula nazo zimenezi. Akayamba kuvuta, mwadziwa kale.

Mukatsika ndege, wa imigireshoni kawirikawiri amafuna zinthu zitatu: mwabwera kudzatani, mukakhala kuti, mubwerera liti. Kalata ya kusukulu, adiresi ya kumene mukafikire ndi tikiti zikhale papepala m'manja mwanu, chifukwa foni imatha moto nthawi yolakwika. Muyankhe chimene mwafunsidwa, mwachidule, mukumuyang'ana kumaso. Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti kuwerama polankhula ndi wamkulu ndiye ulemu, koma ku Ulaya ndi ku America munthu wothawitsa maso amaoneka ngati akubisa kanthu. Nthabwala za mabomba kapena mfuti pabwalo la ndege musayerekeze, anthu amatsitsidwa m'ndege ndi kutsekeredwa chifukwa cha zimenezi. Onaninso tsiku limene akudindirani m'pasipoti. Ku South Africa, kupitirira tsikulo ndi masiku osaposa 30 kumakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo kupitirira pamenepo ndi zaka zisanu.

Tsono tibwere pa zimene mukuopazo. Ku Japan nsapato zimavulidwa pakhomo, ndipo mudzaona kamalo kotsika pang'ono mukangolowa, pomwe zimasiyidwa. Ku Thailand mutu wa munthu sugwiridwa, ngakhale wa mwana amene mukufuna kumunyadira, komanso simuloza munthu kapena fano la Buddha ndi phazi. M'maiko a Aluya ndi ku India, perekani ndi kulandira ndi dzanja lamanja, ndipo ngati munthu wamwamuna sanatambasule dzanja kuti akupatseni moni, musamuone ngati wamwano: kuika dzanja pachifuwa ndi kugwedeza mutu ndi moni wokwanira. Ku Germany munthu wamkulu mumamutchula Herr (Bambo) kapena Frau (Mayi) ndi dzina la bambo ake mpaka iye mwini atakuuzani kuti musinthe, pomwe ku America mphunzitsi angakuuzeni tsiku loyamba kuti muzimutchula dzina lake loyamba. Akatero, teroni ndithu, ngakhale lilime lilemere. Pamakwerero oyenda okha a sitima zapansi ku London, oima amaima kumanja kuti othamanga adutse kumanzere. Ku America woperekera zakudya m'lesitilanti amayembekezera kangachepe ka 15 mpaka 20 pa 100 iliyonse ya bilu, pakuti malipiro ake ambiri amachokera pamenepo. Ku Japan ndalama yomweyo mukaisiya patebulo angakuthamangireni nayo poganiza kuti mwaiwala.

Simungaloweze zonsezi pamtima, ndipo palibe akuyembekezera zimenezo kwa mlendo. Masiku atatu oyambirira muziyamba mwaona anzanu: alowa bwanji, akhala pati, mawu akweza kufika pati. Mupeze munthu mmodzi wa komweko woti muzimufunsa mosachita manyazi, pajatu safunsa anadya phula. Ndipo musananyamuke phunzirani mawu anayi m'chinenero chawo: moni, chonde, zikomo ndi pepani. Ngakhale muwatchule mokhotakhota, amafewetsa nkhope za anthu.

Akonzi, ndikugwira ntchito ku Ulaya. Ndimapereka moni kwa aliyense, sindikangana ndi munthu, koma abwana anga andilembera kuti sindilemekeza anzanga chifukwa ndimafika pamisonkhano patapita mphindi 10 kapena 15. Kodi kumeneku si kungondida? (Bambo wa ana awiri)

Ayi bambo, sitikuona chidani apa. M'maiko ngati Germany, Switzerland ndi Netherlands, nthawi imawerengedwa ngati katundu wa munthu. Anthu asanu ndi mmodzi akakudikirani mphindi 10, mwawadyera ola lathunthu lantchito, ndipo moni wanu wansangala sabweza olalo. Msonkhano wa 9 koloko ndiye kuti 9 koloko muli pampando, kompyuta yayaka kale.

Chimene chimachedwetsa ambiri ndi kuwerengera ulendo wokha n'kuiwala zapakati: kuyenda kuchoka pasiteshoni, kudikira chikepe, kuvula jasi. Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa nthawi ya msonkhano, muwonjezerepo mphindi 15, ndipo mukwere basi kapena sitima yoyambirira kuposa imene ikanakufikitsani ndendende. Mukaona kuti muchedwabe, tumizani uthenga nthawi isanakwane, mutchule mphindi zake: "Ndifika 9:10, yambani." Mukalowa, khalani pansi mwakachetechete osazungulira kugwira aliyense chanza. Kalata ya abwanayo muiyankhe mwachidule kuti mwamva ndipo musintha, kenako masabata anayi otsatizana musachedwe ngakhale kamodzi. Kunyumba nakonso samalani: ku Germany kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndiponso Lamlungu lonse, ndi nthawi ya bata, ndipo nyimbo zokweza zingakuitanireni apolisi.

Akonzi, ndimakonda kujambula zithunzi ndikamayenda n'kuziika pa Facebook. Mkazi wanga akuti tsiku lina zidzandigwetsa m'mavuto. Akunena zoona? (Wowerenga wanu)

Mayiwo akunena zoona. Munthu asanalowe m'chithunzi chanu mupempheni, makamaka ngati ndi mwana kapena mayi, ndipo kulola kujambulidwa sikutanthauza kuti walolanso kuikidwa pa intaneti. Ku United Arab Emirates, kujambula munthu ndi kufalitsa chithunzi chake popanda chilolezo ndi mlandu. Malo a asilikali, a apolisi ndi pamzere wa imigireshoni, foni ikhale m'thumba. Samalaninso ndi mawu amene mumalemba pansi pa chithunzicho. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, osati mlomo, ndipo masiku ano mlomowo ndi zala. Ku Thailand gawo 112 la malamulo a milandu limapereka zaka 3 mpaka 15 m'ndende kwa wonyoza mfumu, ndipo zolemba pa intaneti zimawerengedwa. M'kachisi kapena mumzikiti, yang'anani chikwangwani cha pakhomo. Ngati palibe, funsani wolondera musanatulutse foni.