Kodi mlamu wanga awoloke Songwe kuti apatsidwe masiku ena?

Funso: Akonzi, mlamu wanga ndi mzika ya dziko lina ndipo akukhala nafe ku Chibavi. Masiku omwe anamudindira m'pasipoti atsala 6. Anzake akuti angowolokera ku Tanzania n'kubwerera. Titani? Ndine mayi wa ku Mzuzu.

Yankho: Mayi, musathamangire kudepoti. Mlendo akamalowa m'dziko muno amapatsidwa masiku 30, ndipo ofesi ya Immigration mu Mzuzu momwemo imatha kuwonjezera mpaka akwane 90, munthu atalipira. Apite ndi pasipoti yake masikuwo asanathe.

Ngati masiku 90 ali pafupi kukwana, ulendo ndi wa msewu wa M1, kutsika Chiweta, kudutsa Karonga mpaka pachipata cha Songwe. Tsidya linalo ndi Kasumulu. Alawirire, poti minibasi sinyamuka isanadzaze. Akumbukirenso kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi.

Pasipoti ikhale yoti igwirabe ntchito miyezi 6, ndipo ikhale ndi masamba osadinda. Afufuziretu ngati a dziko lake amafunika viza ya Tanzania, komanso ya Malawi pobwerera, chifukwa viza yolowera kamodzi imafa munthu akangotuluka. Apa m'pamene ambiri amagwira njakata, ndalama zitawathera pamlatho.

Chotidetsa nkhawa n'chakuti chidindo chatsopano sachita kulamula. Ofisala akaona zidindo zotuluka ndi kulowa tsiku lomwelo zitachuluka, angamupatse masiku ochepa kapena kumubweza. Kuli bwino akagone ku Kyela, tauni ya ku Tanzania yomwe ili pafupi ndi malire, ndipo asanachoke pakauntala awerenge deti lomwe amulembera. Ngati akufuna kukhalitsa, afunsire chiphaso cha Temporary Residence Permit.