Mwana wapeza ma 9 ku England, kumudzi akupepesa

Mayi wina wandilembera imelo kuchokera ku Leeds, akuti mwana wake wapeza ma 8 ndi ma 9 pa GCSE, mayeso a ku sekondale a ku England, koma abale kumudzi akungoti pepani pepani, nde akufunsa kuti mwanayu atafuna yunivesite ya kuno amuwerengera bwanji.

Amayi, abalewo musawakwiyire. Kuno pa MSCE 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 credit, 7 ndi 8 pass, 9 ndiye walephera basi. Ku England kuyambira 2017 anazondotsa, 9 ndiye wapamwamba, 4 ndi pass. Ku Joni wamkulu ndi 7, kuyambira 80% kupita m'mwamba.

Koma 7 wakunoyu ine ndimamudziwa bwino. Pa Fomu 4 ndinapeza 2 pa Masamu, 3 pa Biology, kwinaku ma credit okhaokha, Chingerezi chokha 7. Satifiketi ya MANEB ndinalandira inde, koma mayunivesite a boma amafuna ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, nde mnzanga amene ndinkamuphunzitsa masamu usiku pa koloboyi anasankhidwa, ine ndinatsala mu golosale ya amalume kuyeza shuga ndi mchere ndikudikira kubwereza, ndipo aliyense wobwera kudzagula sopo funso lake linali lomwelo, "mapointi angati?" Palibe anafunsapo kuti ndimatha chani.

Ndinene mosabisa, zimenezi ndi nkhanza. Pakati pa 6 ndi 7 mwina pali malikisi ochepa chabe koma mwana moyo wake umakhotera pomwepo. Mwana wa ku CDSS komwe kulibe laibulale, Chingerezi amachimva kwa aphunzitsi okha, mukumuyeza ndi muyeso umodzi ndi wa m'tauni amene anakula akuonera makatuni. Komanso mapointi timawerenga maphunziro 6 amene wakhoza bwino, ndiye ana anachenjera, amathawa Physics nkumathamangira zimene akuona kuti ziwatsitsira mapointi. Mawa tizidabwa kuti mainjiniya ali kuti? Ndipo musandiyambitse za masukulu a private amene amamata ma 6 points pa chikwangwani koma olephera sawatchula.

Za mwana wanuyo, wakhoza kwambiri. Pofunsira malo musatumize manambala okha, phatikizani pepala lofotokoza magiredi a GCSE, ndipo lemberani NCHE, bungwe loyang'anira mayunivesite kuno, kapena yunivesiteyo msanga akuuzeni mmene amafananitsira ndi MSCE.