Kafukufuku wa uphungu ndi wotheka, bola pakhale gulu loyerekezera

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuchita kafukufuku wa digiri yanu pa uphungu womwe mumapereka kwa amayi oyembekezera kusikelo, poti anzanu akuti za mumtima siziyezedwa. Ine ndikuti pitirizani.

N'zoona, nkhawa simungaione m'magazi ngati malungo. Koma chomwe mumayeza ndi kusintha kwa munthu: kodi mayiyu tulo akuliona, akudya, wayambanso kupita kumunda? Funso lovuta n'lakuti akanakhala bwanji akanapanda kukumana nanu. Ambiri ovutika maganizo amapezako bwino okha pakapita miyezi, ndiye wopereka uphungu amatha kumadzitama pa zomwe sanachite. Katswiri wa za maganizo Hans Eysenck anadzudzula zimenezi mu 1952, ndipo akatswiri anakakamizika kuyamba kuyerekeza magulu: lolandira uphungu ndi losalandira.

Ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo kucheza ndi anthu pabenchi panja pa chipatala, maulendo asanu ndi limodzi, n'kumawathandiza kuthetsa mavuto awo limodzilimodzi. Pa kafukufuku wa anthu 573 amene anatuluka mu 2016, patatha miyezi isanu ndi umodzi pafupifupi 14 pa 100 alionse okhala pabenchi anali akadali ndi matenda a maganizo, pomwe m'gulu loyerekezera, la amene sanakhale pabenchi, anali theka. Kafukufuku amagwiranso zolakwika. Kale ankakhulupirira kuti munthu akangopulumuka ngozi, am'khazike pansi afotokoze zonse nthawi imodzi. Atayeza anapeza kuti sizithandiza, ena zimawawonjezera ululu, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuletsa njirayi. Onse ankachita ndi mtima wabwino, koma ndani akanadziwa?

Musavutike kupeka mafunso anuanu. Kuno ku Mangochi komwe, Robert Stewart ndi anzake anayesa kale mindandanda iwiri ya mafunso oyezera vuto la maganizo, SRQ ya mafunso 20 ndi EPDS ya mafunso 10, pa amayi oyembekezera, m'Chichewa. Koma Chiyao musachiiwale, apo ayi amayi a ku Makanjira ndi Namwera adzangokuvomerani mwaulemu. Wofunsa pamapeto asakhale inuyo, pakuti palibe mayi angauze mlangizi wake pamaso kuti sanathandizike. Kachezeninso ndi ochepa mwakuya, manambala sakuuzani kuti vuto linali apongozi kapena bambo amene ali ku Joni.

Pitani ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ija, ali ndi nthambi pa boma pano, akulozereni za chilolezo cha komiti yovomereza kafukufuku musanafunse munthu ndi mmodzi yemwe. Mukonzeretunso komwe mudzatumize mayi amene wanena kuti akufuna kudzipha, chifukwa ameneyo sadikira kuti kafukufuku athe.