Ryzen 5 7600 kapena i5-14600K, ndipo cooler ya madzi ndi yofunikadi?

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: mutenge Ryzen 5 7600 kapena Core i5-14600K pa kompyuta imene mukufuna kudzipangira nokha yoseweretsa magemu ndi kukonzera mavidiyo, komanso ngati cooler (choziziritsira processor) ya madzi ndi yofunika monga ena akuuzirani. Lachiwirilo yankho lake ndi lalifupi: ayi. Pa ma processor awiriwa cooler ya fani yabwino ikwanira, bola yamangidwa bwino. Pa kamangidwepo m'pamene anthu ambiri amagwera, ndiye ndikhalitsapo.

Koma tiyambe ndi kutentha kumene processor iliyonse imatulutsa. Nambala yolembedwa pa bokosi imapusitsa. Ryzen 5 7600 imalembedwa 65W, komabe ikapanikizidwa ndi ntchito imaloledwa kukoka mpaka 88W. i5-14600K imalembedwa 125W, pamene Intel yomweyo imanena kuti ikathamanga kwambiri imafika 181W. Magetsi onsewo amasanduka kutentha, ndipo cooler yanu iyenera kukuchotsa konse. Choncho posankha cooler muziyang'ana nambala yachiwiriyo.

Pa mphamvu, 7600 ili ndi ma core (tizigawo togwira ntchito m'kati mwa processor) 6 ndi ma thread (ntchito zoyenda nthawi imodzi) 12. 14600K ili ndi ma core 14: 6 amphamvu otchedwa P-core ndi 8 ang'onoang'ono otchedwa E-core, ma thread onse pamodzi 20. Pomaliza vidiyo yaitali ma core ambiriwo amathandizadi, ndipo 14600K imatsiriza msanga. Ilinso ndi Quick Sync, gawo lothandiza mapulogalamu okonzera mavidiyo kuwerenga ndi kutulutsa mavidiyo a mtundu wa H.264 ndi H.265. Chenjerani ndi imene dzina lake limathera ndi KF: chilembo F chimatanthauza kuti mulibe graphics m'kati, Quick Sync mulibenso, ndipo popanda graphics card sikirini siionetsa kalikonse. Pa magemu ambiri kusiyana kwa ziwirizi n'kochepa, graphics card ndi imene imalamula.

Ganiziraninso za m'tsogolo. 14600K imakhala pa socket (malo a processor pa motherboard) ya LGA 1700, imene inathera pa m'badwo wa 14 wa Intel, wa 14600K yomweyo. Ma Core Ultra 200S a 2024 anasamukira ku LGA 1851. 7600 imakhala pa AM5, imene inayamba mu 2022, imalandiranso Ryzen 9000, ndipo AMD inalonjeza kuipitiriza mpaka 2027 kapena kupitirirapo. AM5 imafuna RAM ya DDR5 basi, pamene ma motherboard a LGA 1700 alipo a DDR4 ndi ena a DDR5, ndiye muonetsetse musanagule RAM. Mukatenga Intel, chinthu choyamba muike BIOS (pulogalamu ya m'kati mwa motherboard) yatsopano. Ma processor a m'badwo wa 13 ndi 14 anali ndi vuto la magetsi okwera amene ankawaononga pang'onopang'ono, ndipo mu 2024 Intel inatulutsa microcode ya 0x12B yothana nalo, imene imabwera mu BIOS yatsopanoyo.

Ine ndikanatenga 7600 ngati mavidiyowo ndi a apo ndi apo. Ngati ndi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, 14600K. M'bokosi la 7600 mumabwera kacooler ka Wraith Stealth, kamene kamagwira ntchito ngakhale kamasokosa processor ikatanganidwa. M'bokosi la 14600K mulibe cooler, ndipo imeneyo muipezere ya nsanja ziwiri ndi mafani awiri, monga Thermalright Peerless Assassin 120 kapena Noctua NH-D15. Musanagule yang'anani kutalika: NH-D15 ndi mamilimita 165, ndipo si case iliyonse imene ingatsekeke ili m'kati. Fani yake yakutsogolo imadutsanso pamwamba pa RAM, choncho RAM yaitali ya timagetsi towala imatha kukanika kulowa.

Tsopano kumanga. Chitani zonse motherboard ili panja pa case, mutaiika pamwamba pa katoni yake, chifukwa m'kati manja amasowa malo. Pa AM5 ndi LGA 1700 pomwe, timapini tili mu socket, osati pa processor, ndipo n'tosachedwa kupindika. Musatikhudze. Fanizani kachizindikiro ka ngodya zitatu ka pa processor ndi ka pa socket, itsitseni mofatsa ikhale yokha, osaikankha, kenako tsekani chitsulo cha socket. Kachivundikiro kakuda kapulasitiki kamadumpha kokha. Kasungeni, chifukwa ogulitsa ena salandira motherboard yobwezedwa popanda iko. Chitsulocho chimalimba potseka, musachite mantha.

Pa AM5 chitsulo chakumbuyo kwa motherboard sichichotsedwa. Ma cooler ambiri amafuna kuti muchotse tipulasitiki tiwiri takutsogolo n'kumanga zitsulo zawo m'mabowo omwewo. Pa LGA 1700 mumaika chitsulo chakumbuyo chobwera ndi cooler, ndipo chikhale cha 1700 chenicheni. Cha LGA 1200 chimaoneka ngati chofanana koma mabowo ndi kutalika zimasiyana, ndiye cooler sikhala mothina bwino.

Tembenuzani cooler muone pansi pake. Pamakhala kapulasitiki koonekera, ndipo anthu ochuluka, ngakhale ozolowera, amakaiwala. Kompyuta imayaka bwinobwino, koma ikangoyamba ntchito kutentha kumathamangira ku madigiri 95 kapena 100 m'masekondi ochepa. Kamatuleni. Ngati pansipo papakidwa kale thermal paste yotuwa, musaonjezere ina. Ngati palibe, ikani kadontho ka mamilimita 4 kapena 5 pakati pa processor. Pa LGA 1700, popeza processor yake ndi yotalikirapo, kamzere kafupi kotsata utali wake kamafalikira bwino. Ntchito ya paste ndi kudzaza timipata tosaoneka ndi maso pakati pa zitsulo ziwirizo, pamene mukanakhala mpweya umene sudutsitsa kutentha. Kuchulutsa pang'ono sikuononga kanthu, kumangodetsa. Kuchepetsa ndi kumene kumasiya mbali ina ya processor youma. Mikangano ya m'magulu yoti dontho kapena X, musataye nayo nthawi.

Chofunika kwambiri ndi kathinidwe. Tsitsani cooler molunjika kamodzi. Mukainyamulanso, pukutani mbali zonse ndi isopropyl alcohol muyambirenso. Ma screw muzimanga mosinthanasinthana, kuzungulitsa kawiri uku, kawiri uko, ndipo akakhala anayi muzipita mopingasa. Mukamaliza mbali imodzi yokha kaye, cooler imapendekeka, paste imathawira mbali ina, ndipo ma core ena amatentha kuposa anzawo. Ma screw okhala ndi masipuling'i amaima okha akafika pamapeto, akaima, lekani.

Fani imatulutsa mpweya kumbali imene kuli timipiringidzo togwira mota, ndipo zambiri zili ndi kamuvi m'mphepete. Ya pa cooler iziuzira kumbuyo kwa case, kumene kuli fani yotulutsa, pamene zakutsogolo zikulowetsa. Waya wake upite pa CPU_FAN, osati pa SYS_FAN, apo ayi ma motherboard ena amaima ndi uthenga woti fani ya processor palibe. Lumikizaninso waya wa magetsi wa mapini 8 wa processor msanga, chifukwa cooler yaikulu ikalowa m'case pakona pamenepo dzanja silifikapo.

Ngati mtima wanu uli pa ya madzi chifukwa cha maonekedwe, palibe choletsa, ya mamilimita 240 kapena 280 ikwanira. Dziwani chabe kuti ili ndi pampu imene ikhoza kufa, pamene ya fani chimene chingafe ndi fani yokha. Pampu isakhale pamwamba pa zonse, chifukwa mpweya wotsala m'mapaipi umakwera kukakhala pamalo okwera kwambiri, ndipo ukakhala mu pampu imalira n'kutha msanga. Radiator, chitsulo choziziritsira madziwo, ikhale kudenga la case, kapena kutsogolo nsonga yake itapitirira pampu. Waya wa pampu upite pa AIO_PUMP ngati ilipo.

Poyatsa koyamba, DDR5 imatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili yakuda motherboard ikuyesa RAM, ndiye musafulumire kuzimitsa. Lowani mu BIOS muone ngati fani ikuzungulira, yatsani EXPO (pa AMD) kapena XMP (pa Intel) kuti RAM ithamange pa liwiro lake. Mukaika Windows, tsegulani HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha, n'kuyendetsa Cinebench, yopanikiza processor, kwa mphindi 10. Malire a 7600 ndi madigiri 95, a 14600K ndi 100, ndipo zikafika pamenepo zimadzichepetsera liwiro zokha kuti zisapse. Ma Ryzen 7000 anapangidwa kuti azikwera dala kufupi ndi malirewo, choncho 80 kapena kupitirirapo pang'ono pa Cinebench si vuto. Chodetsa nkhawa ndi kugunda malire nthawi yomweyo liwiro n'kutsika, kapena kukhala pa 70 kompyuta isakuchita kanthu. Zikatero zimitsani, masulani cooler muone mmene paste yafalikira. Ngati yaunjikana mbali imodzi, vuto ndi kamangidwe, osati cooler.

Tiuzeni dzina la case ndi RAM zimene mukufuna, tikuthandizeni kuona ngati cooler ikwanamo musanagule.