Mwana ayambe ndi batani, makina adikire kaye

Mayi wina wa ku Rosettenville kuno ku Joni wandilembera imelo, akuti ali ndi mtsikana wa zaka 8 ndi mnyamata wa zaka 14, holide ya Disembala ikubwera ndipo atopa kuwaona pa foni tsiku lonse. Afunsa kuti ayambire pati kuwaphunzitsa kusoka, komanso ngati agule makina.

Achemwali, makina musagule kaye. Wa zaka 8 uja mpatseni singano ya bowo lalikulu, ulusi wowala ndi kansalu ka chitenje chakale, asokerere batani. Mfundo ya kumapeto kwa ulusi ndi imene imaliza ana, ndiye masiku oyamba muzimumangira inuyo. Batani likagwira asoke kathumba koikamo makobidi, ndipo kathe tsiku lomwelo chifukwa mwana akagona chinthu chisanathe mawa sachifunanso.

Mzere ukakhota musamasule. Ine azakhali anga ku Limbe ankandimasulira chilichonse ndasoka, amvekere "bwereza", mpaka ndinadana ndi singano zaka zingapo.

Mnyamatayo ndi nkhani ina, za tithumba sangakumvereni, mwinanso anena kuti kusoka ndi kwa atsikana ngati kuti matelala apakhonde kumudzi kuja si azibambo. Pitani naye ku msika wa kaunjika wa Dunusa mu tauni, pafupi ndi Park Station, asankhe yekha jinzi ya kaunjika yomukulira, ndiye ntchito yake ikhale kuibweza m'chiuno ndi kupinda miyendo. Chinthu choti avale anzake aone amachilimbikira.

Mukaona kuti mtima ulipo ndiye bwerekani makina. Ayambe opanda ulusi, kutsatira mizere pa pepala mpaka phazi lizolowere, zala kutali ndi singano ndipo inu mukhale pambali. Pa chitenje singano ya saizi 90/14 ikwanira koma pa jinzi ikani 100/16, apo ayi muzingothyola. Asiye masentimita 1.5 m'mphepete mwa nsalu. Ulusi ukamapota zisa kunsi musathamangire kwa amakaniki, kawirikawiri ndi ulusi wochokera pamwamba umene sunalowe bwino, tukulani kaphazi kopanikiza nsalu mulowetsenso.

Nsalu ndi mazipi ndimagula ku Oriental Plaza ku Fordsburg, funsani zidutswa zotsala, zimatchipa. Ndipo mukapeza makina a Singer akale opalasa aja musawasiye, kuno ku Joni magetsi akathima inu mumangopitiriza. Sizasi ya nsalu yokha muibise, mwana wanga anadulira katoni.